Denga la a Zigamba

Dzina lawo la ubatizo ankalidziwa ndi anthu ochepa. Kwa ena onse, kuyambira ana ongoyamba kuyankhula mpaka nkhalamba zoyendera ndodo, iwo anali a Zigamba, chifukwa poto akabooka, beseni likayamba kudontha kapena ndowa ikathothoka matako, zonse zinkapita kwa iwo kukaikidwa chigamba. Anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala. Khutu lawo la kumanja linagontha kalekale ndi phokoso la nyundo, moti pomvetsera ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi.

Ntchito ya zidebe anaiphunzira kwa amalume awo ndevu zisanamere. Zida zake zinali zochepa: nyundo ziwiri, sizasi yodulira malata, chitsulo chosungunulira mtovu, ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo. Ankakhala pansi pa mtengo waukulu wa pamsika, ndipo masiku amenewo mkazi aliyense wopita kumadzi ankasenza ndowa yotuluka m'manja mwawo, mlimi aliyense wa kudimba n'kumathirira ndi kheni yawo. Iwo ankati ukapinda bwino milomo ya malata awiri n'kuilumanitsa, madzi sapeza njira. Mtovu wambiri ankati ndi chizindikiro cha mmisiri waulesi.

Kenaka msewu unakonzedwa. Tsiku limene galimoto yaikulu inafika pamsika koyamba popanda kutitimira m'matope, anthu anavina, a Zigamba n'kuvina nawo. Palibe amene anawanong'oneza kuti m'galimotomo munali ndowa za pulasitiki, zofiira ndi zobiriwira, zopepuka ngati chipewa, zosadziwa dzimbiri. Pasanathe zaka zitatu nyundo yawo inayamba kumveka mwa apo ndi apo, mpaka tsiku lina anasenza njanji yawo n'kubwerera nayo kunyumba. Ana awo awiri anakula n'kuchoka. Wamkazi anakwatiwa kutali, wamwamuna anapita kutauni kukafuna ganyu, ndipo uthenga wake womaliza unali utagona zaka zisanu. Pakhomo panatsala iwo ndi akazi awo, ndi zinthu ziwiri zimene ankati ndi zawozawo: dimba ndi denga.

Dimbalo linali m'mbali mwa mtsinje, pamene madzi amakhota. Silinali lalikulu, munthu akanatha kuponya mwala kuchokera mbali ina n'kugwera kunja kwa mbali inzake. Koma dothi lake linali lakuda ngati makala chifukwa kwa zaka makumi atatu a Zigamba ankalidyetsa zitosi za nkhuku ndi phulusa. Pakati pake panali chitsime chimene anakumba okha, m'mphepete muli nthochi. Munda wa kumtunda unali mchenga wokhawokha, chimanga chake chinkatha mvula isanabwerenso. Chimene chinkawawolotsa miyezi ya njala chinali dimba: chimanga chachiwisi m'chilimwe, masamba, anyezi ndi tomato wopita naye kumsika.

Dengalo silinali la malata a m'sitolo ayi. Linali la zotsala: zitini za mafuta ophikira zong'ambidwa n'kuwongoledwa, migolo yakale yodulidwa n'kusalazidwa ndi nyundo, matako a mabeseni amene eni ake anataya nawo mtima, ngakhalenso chitsulo cha galimoto ina imene inafera m'mbali mwa msewu. Anayambira pangodya ya kuchipinda, pamwamba pa pogona, kwina konse kuli udzu. Chaka ndi chaka udzu unkabwerera m'mbuyo zitini n'kumasendera patsogolo, mpaka patatha zaka khumi ndi ziwiri mtolo womaliza unatsitsidwa n'kukhala chosonkhezera moto. Chidutswa chilichonse chinalumana ndi chinzake monga zimalumanira mbali za ndowa, ndipo pansi pa mutu wa msomali uliwonse panali kalabala kodulidwa ku tayala. Ukaliona patali linkaoneka ngati malaya a munthu wopenga, apa pofiira, apa pabuluu, apa pali zilembo zozondoka. Koma silinkadontha.

Alamu awo, mlongo wa akazi awo, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pawo, sankatopa nalo dengalo. Ankati mvula ikamagwa kwa a Zigamba mudzi wonse umayankhulana ndi manja, ndiponso akhwangwala akamadutsa pamwamba pake amagwa ndi phwete. A Zigamba ankabweza kuti munthu wokwera padenga chaka chilichonse ngati nyani kukasoka udzu alibe mawu pa nkhani za amisiri, ndi kuti mlongo wa alamuwo anathawa kwawo chifukwa chotopa ndi kusuntha mphasa mvula ikagwa. Mayi, akazi a Zigamba, ankangoseka n'kunena kuti onse awiri ndi ana, kusiyana kwake ndi dazi lokha.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a bungwe lina la zachitukuko pa galimoto ziwiri zoyera. Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Anapachika chinsalu chojambulidwa minda yobiriwira, yofanana yonse ngati mabedi a m'chipatala, ndipo bambo wina wa mawu okoma anafotokoza kuti mtsinje utsekedwa kumtunda ndi khoma la simenti, madzi aziyenda okha m'ngalande, nthawi yothyoka msana ndi makheni yatha. Madimba onse a m'mbali mwa mtsinje aphatikizidwa kukhala munda umodzi waukulu, umene anautchula kuti sikimu. Kenaka mundawo udulidwa ndime zofanana n'kugawidwa, kuyambira ndi mabanja ovutikitsitsa, malinga ndi kalembera amene achitike khomo ndi khomo. Wina anafunsa za eni madimba akale. Bamboyo anamwetulira n'kupempha kuti munthu wolemera amene ali pabwalopo aimike mkono. Anthu anaseka, funso n'kufera pomwepo. A Zigamba anaseka nawo, ndipo anadinda chala chawo papepala mtima uli m'malo. Ngati kunali mpikisano wa umphawi, iwo sankaona amene angawapose.

Thirakitala inabwera anthu atangokolola. Inagwetsa nthochi, n'kukwirira chitsime m'kanthawi kochepa kuposa kamene iwo ankatha poika chigamba chimodzi. A Zigamba anaima poteropo n'kumadziuza kuti walira mvula walira matope.

Wa kalembera anali mtsikana wooneka kuti sukulu wamaliza posachedwa. Anavala chipewa cha bungwe, nsapato zake zitayera ndi fumbi, m'manja muli foni yaikulu yolembamo mayankho. Mayi anali atasesa pabwalo kawiri kuyambira m'mawa, atavala nsalu yawo yopitira kutchalitchi, poti mlendo ndi mlendo ngakhale atabwera kudzawerenga nthiti zako. Anam'patsa mpando wokhawo wa pakhomopo ndi madzi m'kapu yosabenthuka. Mtsikanayo anafunsa za anthu a pabanja, za ziweto, za munda. Atafunsa kuti amadya kangati patsiku, a Zigamba anayankha kuti Mulungu sanawataye, amadya ndithu, ngakhale kuti chipitire dimba moto unkayaka kamodzi patsiku. Munthu wamkulu sauza mwana wa eni ake kuti ali ndi njala.

Kenaka mtsikanayo anakweza maso n'kuliyang'ana dengalo nthawi yaitali. Anati m'foni muli mayankho awiri okha, udzu kapena malata, ndipo ili sakudziwa kuti aliike pati. Mwina ankawatsegulira khomo loti anene kuti ndi udzu. Mayi, amene anali atakhala pakhonde, anatsokomola kawiri, koma anakhala mbali ya khutu logontha.

"Udzu mukuuona pamenepa, mwana wanga?" anatero a Zigamba. "Lembani malata. Ndinakhoma ndekha, ndipo m'nyumba muno simunagwepo dontho."

Anadzuka n'kumam'sonyeza mmene milomo ya zitini inalumirana, tilabala ta pamisomali, ngodya imene anayambira. Panali patatha zaka zambiri munthu asanawafunse kanthu za ntchito yawo, ndipo mawu ankangotuluka okha. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu, anadina foni yake, n'kuwapempha kuti aime pakhomo awajambule. Anaima chilili, chifuwa patsogolo, denga lawo lili pamwamba pawo.

Mndandanda wa olandira ndime unamatidwa pakhoma la sukulu patatha miyezi itatu, ngalande zitatha kumangidwa. A Zigamba kuwerenga ankakudziwa pang'ono. Anatsetsereka ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, katatu konse. Dzina la alamu awo linali pamzere wachinayi, alamu omwewo amene sabata ya kalembera anakabisa mbuzi zawo zisanu ndi zitatu kwa apongozi awo kutsidya, tsikulo n'kuvala malaya ong'ambika kumsana. Dzina la a Zigamba panalibe.

Wapampando wa komiti ya sikimu anali bambo wofatsa amene kale ankagulitsa mafuta a nyale pamsika, pafupi ndi mtengo wawo uja. Anawalandira bwino n'kuwafotokozera kuti mayina sasankha ndi komiti, amasankha ndi makina a ku likulu la bungwe, amene amaphatikiza mayankho a munthu n'kumuika pamene wagwera. Nyumba ya malata imachotsa banja pagulu la ovutikitsitsa, basi. A Zigamba atafunsa za dimba lawo, wapampando anawakumbutsa za chala chawo papepala paja. Koma anati chiyembekezo chilipo. Onse odandaula alembedwa, ndipo kubwera gulu lina kudzaona ndi maso mvula isanayambe. Tsiku lake sankalidziwa. Ndime zochepa zasungidwa chifukwa cha anthu otere.

Kunyumba mayi sanawakumbutse za kutsokomola kuja. Anangowaikira madzi osamba.

M'mawa mwake kunabwera alamu, akutafuna nzimbe, nkhope ikuwala ngati munthu amene wabadwanso. Anakhala pa njanji yokhomera ija n'kuyang'ana m'mwamba.

"Alamu, inu ndinu mmisiri, koma nzeru zanu zonse zinathera m'nyundo," anatero. "Anthu aja saona munthu, amaona denga. Apatseni denga limene akulifuna."

Anati asasule zitini zonse, afolere udzu, oyenderawo akadutsa abwezeretse chuma chawo cha akhwangwalacho pamalo pake. Za udzu asadere nkhawa, iwo ali ndi mitolo yambiri kuseri kwa khola, mlamu sagulitsa mnzake udzu.

Mayi anakana. Anati udzu wofolerera umamwetedwa nyengo yozizira, pano tchire lonse ndi lupsa lokhalokha. Anati mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri dzuwa likapendeka. Ndipo mlongo wawoyo ankamudziwa kuyambira akuyenda wosavala, malonjezo ake amauma ngati mame. Alamu anaseka n'kunena kuti mkazi akakhalitsa pansi pa zitini mutu wake umachita dzimbiri. Mayi sanaseke. Anatembenukira kwa amuna awo, mbali ya khutu lakumva.

"Abambo, dimba lapita, lapita. Musapereke ndi nyumba yomwe."

Masiku awiri a Zigamba anakhala akumvera akazi awo. Tsiku lachitatu kunamveka kuti kusikimu akuyesa madzi, ndipo miyendo yawo inawatengera komweko. Anapeza munda wonse wazunguliridwa ndi waya. Madzi ankayenda okha m'ngalande ya simenti, oyera, osafuna kheni kapena msana wa munthu, ndipo akazi ankalulutira. Kunena zoona, chinali chinthu chokongola. Amene amanena kuti chitukuko chafika kumudzi sanama ayi, chinafikadi, a Zigamba anachiona ndi maso awo. Mlonda wa pachipata, munthu amene anamuikira zigamba zosawerengeka, anawapempha mwaulemu kuti aonerere ali kunja kwa waya, poti m'kati mukulowa a ndime okha.

Dothi lawo analizindikira ali patali. Pakati pa dothi lotuwa la anthu ena panali chibanthu chakuda pamene mtsinje umakhota, ndipo pamenepo panali patakhomedwa chikhomo cha nambala. Mlondayo anati ndime imeneyo ndi imodzi mwa zosungidwira odandaula. A Zigamba anagwira waya ndi manja onse awiri. Anaganiza za miyezi imene ikubwera, nkhokwe ikadzayera, popanda chimanga chachiwisi, popanda tomato wa kumsika, popanda wobweretsa poto wobooka. Denga silidyedwa. Pobwerera kunyumba sanadutse kwa wina aliyense.

Anayamba kusasula kutangocha. Mayi sanatsutsenso, anangomanga nsalu m'chiuno n'kuima pansi kuti azilandira. Chidutswa choyamba chinavuta. Milomo imene inakaniza madzi zaka zonse zija inali itadyana ndi dzimbiri n'kukhala chinthu chimodzi, ndipo pamene a Zigamba analowetsa chitsulo kuti aitsegule, siinatseguke, inang'ambika. Chachiwiri chinabooka mozungulira msomali. Chachitatu, chitini chopyapyala cha mafuta, chinangofumbutuka m'manja mwawo ngati tsamba louma. Apa m'pamene anazindikira kuti chimene chinkagwira dengalo sichinali misomali, kunali kukhalitsa pamodzi. Akanatha kulekera pomwepo. Koma ngodya imodzi inali itayasama kale, ndipo anadziuza kuti mmisiri amene anamanga akhoza kumanganso. Dzuwa likufika pamutu, thambo linali likuoneka kuchokera pa mphasa yawo.

Alamu anabwera kudzayendera ntchito. Anati chitseko nachonso chichoke, poti chinali cha mgolo wosalazidwa, chingawaulule. Zitini zonse anazituta n'kukaziunjika kuseri kwa khola la alamuwo, n'kuziphimba ndi mapesi. Popeza nyumba yopanda chitseko imaitana akuba ndi mbuzi, katundu yense, mphasa, mapoto, thumba la chimanga, nyundo ndi njanji, anakamusungitsa m'khitchini mwa alamu, ndipo iwo eni ankagona momwemo pambali pa mafuwa.

Mavuto anayamba kuonekera okha. Mitengo ya denga anaiika motalikirana, moyenera zitini, pamene udzu umafuna phaso lothithikana. Ina inali itadyedwa ndi chiswe m'kati, kunja kukuoneka bwino. Ndipo mitolo yambiri ya alamu ija inapezeka kuti ndi itatu, ya chaka chatha, yakuda, yonunkha mbewa. Alamu anati ina inadyedwa ndi mbuzi, n'kuyesa kuponya nthabwala yoti mbuzizo zinaphunzira umbombo kwa apongozi. Palibe amene anaseka.

Udzu unatsala malo amodzi okha, kudambo la kuseri kwa phiri, kumene moto unalephera kuwoloka khwawa. Unali ulendo woti ukanyamuka mbandakucha umafika dzuwa litakwera. Anthu awiri okalamba, zikwakwa m'manja, mtolo umodzi pamutu pa aliyense pobwerera. Tsiku loyamba anabwera ndi mitolo iwiri. Lachiwiri iwirinso, mayi akutsimphina chifukwa chitsa chinawabaya kuphazi. Nyumbayo inkafuna mitolo yoposa makumi anayi. A Zigamba ankayenda patsogolo osacheuka, kuopa kukumana ndi maso a akazi awo, ndipo masana aliwonse mitambo ya kumapiri inkadera kuposa dzulo lake.

Tsiku lachitatu, akutulukira pamudzi ndi mitolo yawo, anaona mapazi a matayala pafumbi. Anachokera kumsewu, n'kukhota pabwalo pawo penipeni, n'kubwerera. Pakhonde la nyumba yopanda denga panali patakhala wapampando, chipewa chili pabondo.

Anadikira kuti atule kaye. Kenaka anati oyendera aja anabwera dzuwa lili pamutu, anthu atatu, ndipo iye anayenda nawo monga mwa udindo wake.

"Anali ndi chithunzi chanu m'foni, a Zigamba. Inu mutaima pakhomo, denga lili pamwamba panu. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nyumba. Denga palibe, chitseko palibe, m'kati mulibe ngakhale supuni. Anafunsa kuti eni ake ali kuti."

"Ndiye munawauza kuti tili kuudzu."

"Ndikanatero akanafunsa kuti denga lapita kuti. Wosasula dala amamuchotsa ngati wonama, komiti yomubisa amaithetsa, ndipo mudzi wonse amaufufuzanso, khomo ndi khomo, khola ndi khola. Ndinakhala chete. Alamu anu anali pomwepo, nawonso anakhala chete."

"Alemba chiyani tsono?"

"Alemba kuti ndi bwinja. Banjali linasamuka."

Wapampando anapitiriza ndi mawu otsika. Anati banja losamuka limafufutidwa m'kaundula yense, osati wa sikimu yekha, ndipo wofufutidwa sangadandaule chifukwa makina samudziwa. Kalembera wina adzachitika pakatha zaka zisanu. Ndime yakuda ija yaperekedwa masana omwewo kwa wotsatira pamndandanda.

A Zigamba anapendeketsa mutu, khutu lakumva lili kwa wapampando, ngati kuti mawu ena anawadutsa.

"Ndinasamukira kuti?" anafunsa.

 Wapampando anavala chipewa, anapepesa kwa mayi, n'kumapita.

Alamu sanaoneke tsiku limenelo. Amene anabwera ndi akazi awo, atasenza mphasa ndi mapoto, n'kuzitula m'malire a bwalo osafika pakhonde. Anati abambo akunyumba akupempha kuti zitini nazonso zichoke kuseri kwa khola lero lomwe, chifukwa anthu a galimoto aja akhoza kubweranso, ndipo sizingaoneke bwino kuti banja losamuka lipezeke m'khitchini mwa munthu wa ndime. Ananena zimenezi maso ali pansi. Mayi anawathokoza chifukwa chosunga katundu, n'kuwauza kuti akapereke moni kwa mlongo wawo.

A Zigamba ndi mayi anatuta zitinizo ndi katundu wotsala mpaka dzuwa kulowa, ulendo ndi ulendo, anthu akuwaonera m'makonde mwawo. Palibe amene anaseka, palibenso amene anadzuka kudzathandiza, poti aliyense anali ndi kanthu kake kobisa ndipo sankafuna kuoneka pafupi ndi nkhaniyi.

M'mawa mwake nyundo inamvekanso pamudzi. A Zigamba anakhala pansi, njanji pakati pa miyendo, n'kuyamba kukonza chidutswa chimodzichimodzi. Kuti apinde mlomo watsopano ankayenera kudula wakale wong'ambikawo, ndiye chidutswa chilichonse chinkatuluka chochepa kuposa mmene chinalowera. Zambiri zinkasweka nyundo ikangozikhudza. Misomali inali yopindika, tilabala tinauma n'kuthetheka. Ankagwira ntchito osadzuka, osayankhula, magazi a m'zala akusakanikirana ndi dzimbiri moti sunkadziwa kuti chofiira n'chiti. Pakutha pa masiku awiri anali atalumikiza chigawo chachikulu ngati mphasa imodzi. Anachikweza pangodya ya kuchipinda, n'kuyala mitolo isanu ndi inayi ija pambali pake. Malo otsala, oposa theka la nyumba, anali thambo.

Mvula inabwera tsiku lachitatu masana. Inayamba ndi mphepo yonunkha dothi, kenaka madontho akuluakulu otalikirana, kenaka yonse pamodzi. Kusikimu kunamveka nthungululu. Mayi anakokera thumba la chimanga pangodya yofoleredwa n'kulikhalira, mphasa atafunda kumutu.

A Zigamba sanalowe. Ankayang'ana makoma. Nyumbayo inali ya njerwa zosawotcha zomata ndi dothi, ndipo khoma lotere limapirira mvula ya m'mbali, koma madzi akalilowera pamutu limasungunuka ngati mchere. Pamwamba pa makoma onse anayi panali patayamba kale kuda. Anathamangira pamulu wa zitini zotsala, natola zimene zinali zisanafumbutuke, n'kuyamba kuzivundikira pamitu ya makoma, chilichonse akuchipsinja ndi mwala. Sankamanganso denga tsopano, ankangoveka makoma zipewa. Mayi ataona zimenezo anataya mphasa n'kutuluka, akutsimphina, n'kumawapatsira miyala.

Zitinizo zinakwana makoma awiri ndi theka. A Zigamba anaima pamvula ndi chidutswa chomaliza m'manja, chotakata ngati mbale, akuyang'ana uku ndi uku, madzi akutsika m'dazi n'kulowa m'maso.

"Ikani la kuchipinda, abambo," anatero mayi. "Linalo lisiyeni."

Anaika la kuchipinda. Kenaka onse awiri analowa n'kukhala pangodya paja, mapewa atagundana, mapazi ali m'madzi. Anayang'ana khoma la kuseri likumwa mvula, dothi lomatira likutsetsereka pansi m'mizeremizere, njerwa zikuonekera imodziimodzi n'kuyamba kufewa m'mbali. Linapirira nthawi yaitali ndithu kuposa mmene a Zigamba ankaganizira. Silinagwe ndi phokoso. Linangopinda pakati n'kukhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa amene wafika pamthunzi, ndipo matope ake anayenderera m'nyumba mpaka pa thumba la chimanga. Mayi anadzuka, anagwira thumbalo mbali imodzi, n'kudikira kuti amuna awo agwire inayo.